Zoyandama ndi Zomira

Ndinakwera ku Malosa ndi sikelo ndi kope,
nsapato zopolishidwa, cholembera kukhutu,
kalaliki wodzawerenga makilogalamu a eni.
Che Mdoka anandipatsa chipinda chosungiramo matumba,
nati, “Muzigona ndi khofiyu, mudziwane.”

Usiku woyamba tulo sitinabwere.
Fungo lake silinali la m'sitolo za m'tauni ayi,
linali la thukuta, la thobwa logonera,
la chinthu chimene chikuvundikidwa kuti chidzakome.

M'mawa Abiti Wailesi anandipatsa dengu.
Ndinapulula nthambi yonse ngati nandolo,
zofiira, zachikasu, zobiriwira, zonse waa!
ndikunyadira changu changa.
Sanandikalipire. Anangokhala pansi
nayamba kutola zobiriwirazo chimodzichimodzi,
kuziyala pachitenje ngati akuwerenga ana opita padera.
“Uyu akanakhala sopo wa mwezi wamawa.”
Nthambi imodzi umaibwerera kasanu,
monga m'bale wogonekedwa kuchipatala.

Madzulo zipatso zinkathiridwa mumgolo wa madzi.
Zolemera zinkamira mwakachetechete,
zopanda kanthu m'kati n'kumavina pamwamba.
Mdzukulu wawo Twaibu ankaziwola ndi sefa,
diso limodzi pamgolo, lina pa tayi yanga.
Ndinamva.
Kutacha tayiyo ndinamangira kukamwa kwa thumba.

Chiperoni chikamatsika m'phiri sichiodira.
Tsiku lina tili pamaliro kwa a Namalomba
mtambo unameza nsonga ya phiri,
ndipo ndinaona anamfedwa enieniwo akudzambatuka,
liwiro kukafunditsa khofi wa pathandala,
kenako n'kubwerera, mpweya uli m'mwamba,
kudzapitiriza kulira pomwe analekezera.
Palibe anawanena.
Malemuwo, akuti, akanawapitirira onse liwiro.

Zokolola zitatha Che Mdoka anatenga sowo
nadula mtengo umene unaphunzitsa mwana wawo unamwino,
kusiya chitsa cholekeza m'bondo.
Ndinakuwa. Iwo anapukuta sowoyo pabuluku:
“Watopa uwu. Ukaunyengerera ufa chiimire.”
Sindinakhulupirire
mpaka chizimalupsa chitanyowetsa fumbi,
chitsa chija chitatulutsa timphukira titatu,
munda wonse utayera mbuu usiku umodzi,
njuchi zitaledzera.
Maluwawo anakhala masiku atatu basi.
Lachinayi tinawaponda popita kukatunga madzi.

Koma chilipo chimene chikundikanikabe.
Mtengo wa m'munda amaudziwa ngati mwana wobala okha,
mbozi ikauboola amamva m'fupa mwawo;
mtengo wa pasikelo umachokera kumene sanapondeko,
ndipo woulengeza ndinali ine,
kukhosi kuli gwaa, maso ali m'kope.
Ndalama zinkafika chimanga chitamasula ngayaye,
wakatapila ataluma kale theka.
Abiti Wailesi anadinda chala pafupi ndi dzina lawo,
chala chothimbirira ndi utomoni wa miyezi itatu,
chosafunanso inki.
Sanandiyang'ane moipa.
Anangofunsa ngati ndadya.

Tsiku lotsanzika anakazinga khofi m'phale,
nasinja mumtondo wa nsinjiro,
natsanulira m'makapu a pulasitiki, opanda shuga.
Anali wowawa, wonunkha utsi ndi mtedza.
Ndinafunsa ngati ndi yemwe uja tinkatembenuza padzuwa.
Anaseka mpaka kutsokomola.
“Uja ndi wa alendo osationa nkhope.
Ife timamwa zoyandama.”

Lero ndili mu ofesi kumunsi kuno,
Mulunguzi akudutsa kuseri kwa zenera.
Pamsonkhano wina bwana wasiya kapu yatheka,
yazizira, ntchentche ikusambamo.
Anzanga akuwerenga ndime za lipoti.
Ine ndikuwerenga maulendo asanu a kunthambi imodzi,
ndi anamfedwa othamanga misozi isanaume,
ndipo dzanja langa, losafunsa kaye,
layamba kale kusankha mtedza wa m'mbale,
wofiira uku, wosakhwima uko.